Masheya ku London, mtovu ku Kasanda

Pa 26 Januwale 1904, khoti la ku London linagamula kuti Whitaker Wright akaseweze zaka 7 kundende chifukwa chonamiza anthu m'mabuku a kampani yake ya London and Globe. Bamboyu analemera ndi masheya a migodi ya ku Australia ndi ku Canada, moti kunyumba kwake ku Surrey anakumbitsa nyanja, pansi pa nyanjayo n'kumangitsa chipinda cha magalasi choti azichezeramo ndi alendo nsomba zikudutsa pamwamba pawo. Chigamulo chitaperekedwa, anapita naye m'kachipinda ka pambali kuti alankhule ndi maloya ake. Anapempha ndudu, anaiyatsa, ndipo asanaisute n'komwe mpaka pakati anagwa pansi. Anali atameza poizoni. Pomusecha anamupezanso ndi mfuti m'thumba.

Chaka chomwecho, mumzinda womwewo, anthu ena analembetsa kampani yotchedwa Rhodesia Broken Hill Development Company. Chuma chake chinali timapiri ta miyala m'dziko la Alenje, pamene lero pali tauni ya Kabwe. Wright analibe nayo gawo kampaniyi, ndipo sindikumukokera m'mlandu wa eni. Ndamutchula kuti muone msika umene mgodi wa Kabwe unabadwiramo. Unali msika woti munthu ankatha kulemera ndi dzina la mgodi asanatulutsemo ngakhale mwala umodzi, bola dzinalo likome m'khutu, mgodiwo ukhale kutali kumene wogula sangapite kukadzionera yekha.

Okonda mafilimu a ku America nkhani zotere amazidziwa. Mu Wall Street ya 1987, Michael Douglas ndiye Gordon Gekko, mkulu wogula makampani n'kuwaphwasula, amene amadyera pa nkhani zam'kati zomwe anzake pamsika sanazimve. Mu Boiler Room ya 2000, anyamata a masuti amaswera pa telefoni kunyengerera anthu kuti agule masheya a makampani opanda kanthu. The Wolf of Wall Street ya 2013 ndi mbiri ya Jordan Belfort ndi kampani yake ya Stratton Oakmont, amene ankagula masheya otchipa mwakachetechete, kuwakokomeza mpaka mtengo utakwera, kenako n'kugulitsa awo onse, otsalawo azilira. Choseketsa n'chakuti boma la America linadzati ndalama zina zopangira filimuyi zinabedwa m'thumba la boma la Malaysia la 1MDB, ndipo kampani imene inaipanga, Red Granite, inapereka madola 60 miliyoni kuti nkhaniyo ithe. Koma filimu yoyandikira kwambiri nkhani yathu ndi Gold ya 2016, imene inatengera mbiri ya Bre-X, kampani ya ku Canada yomwe inalengeza kuti yapeza golide wosaneneka ku Busang m'dziko la Indonesia. Mu 1997 zinaululika kuti wina ankawaza fumbi la golide m'miyala yopita kokapimidwa.

Mafilimu onsewa amafanana pa chinthu chimodzi. Kamera imakhala m'maofesi, m'mahotela ndi m'khoti, ndipo wolira amakhala amene anagula pepala. Ku Kabwe olira ambiri sanagulepo sheya chibadwire, ndipo zambiri zimene zinawaliza malamulo a nthawiyo ankaziloleza.

Pepala loyamba m'mbiriyi ndi la Cecil Rhodes. Kampani yake, British South Africa Company, inalandira chilolezo cha Mfumukazi Victoria mu 1889. Chaka chotsatira nthumwi yake, Frank Lochner, inasainirana pangano ndi Lewanika, mfumu ya Alozi, lopatsa kampaniyo miyala ya mtengo wapatali ya m'dziko lake. Nanga dziko la Lewanika linkalekeza pati? Kampani inkafunitsitsa kuti likhale lalikulu, pakuti dziko la mfumuyo likakula pa mapu, chuma cha kampani chinkakulira pomwepo. Mu 1905 malire a pakati pa North-Western Rhodesia ndi North-Eastern Rhodesia anawasunthira kum'mawa, ndipo dera la migodi linagwera mbali imene mapepala a Lewanika ankagwira ntchito. Mafumu a Alenje ndi Alamba, eni nthakayo, sanaike chala pa mapepala amenewo. Komabe pa mphamvu ya mapepala omwewo, kampani ya Rhodes inakhala ikudya gawo pa mtovu, zinki ndi mkuwa wotuluka m'nthaka ya eni kufikira 1964.

Masheya a kampaniyi anali ndi zawozawo. Sheya ya paundi imodzi inakwera kupitirira mapaundi 8 mu 1895, pamene London yense anapenga ndi migodi ya kum'mwera kwa Africa, chikhalirecho kampaniyo inali isanagawepo phindu. Phindu loyamba eni masheya anadzaliona mu 1924. Zaka zonsezo, amene anadya bwino ndi amene anadziwa tsiku logulitsa pepala kwa mnzake. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Mu 1902, katswiri wa migodi T. G. Davey anafika pa timapiri tija n'kupeza miyala yolemera ndi mtovu ndi zinki ili poyerayera. Anatcha malowo Broken Hill, dzina la mgodi wa ku New South Wales ku Australia umene unali utalemeretsa kale eni masheya a kampani ya BHP. Akuti malo awiriwa ankafanana, ndipo mwina ankafananadi. Koma kwa munthu wofuna ndalama za anthu a ku London panalibe dzina lina lotsatsa malonda kuposa limeneli. Davey ankagwirira ntchito Rhodesia Copper Company, imodzi mwa makampani a Edmund Davis, ndipo Davis ndiye anadzakhala wapampando wa kampani ya mgodi watsopanowo. Iyeyu anabadwira ku Australia koma ankakhala ku England, ndipo dzina lake linali m'mabodi a makampani ambirimbiri, kuphatikizapo ya malasha ku Wankie. Ankasonkhanitsa zithunzi zojambulidwa ndi akatswiri otchuka, anagula nyumba yachifumu ya Chilham Castle ku Kent, ndipo mu 1927 anamupatsa ulemu wa Sir. Luso la anthu a mtundu wake silinali pa kukumba. Kampani imodzi inkatenga malo, n'kuwagulitsa kwa kampani ina yongobadwa kumene, imene akuluakulu ake anali omwewo. Malipiro ankakhala masheya, ndipo masheyawo ndi amene ankakagulitsidwa kwa anthu wamba. Mgodi upindule kapena usapindule, oyambitsawo ankakhala atatapa kale.

Apa ndiye pamene Kabwe akusiyanirana ndi Busang. Ku Kabwe palibe anawaza fumbi m'miyala. Chuma chinalipodi, chochuluka. Vuto linali lakuti mtovu ndi zinki zinali zosakanikirana mwa njira imene makina a nthawi imeneyo ankalephera kulekanitsa mopindulitsa, ndipo zimenezi zinadziwika bwino njanji itafika kale. Mlatho wa pa Victoria Falls unatha mu 1905, ndipo anyamata a kontirakitala George Pauling anathamangitsa njanji kudutsa m'dziko la Atonga mpaka inafika ku Broken Hill mu Januwale 1906. Chiyembekezo chinali chakuti mabogi azibwerera kum'mwera atadzaza miyala. Ananyamuladi kwa kanthawi, kenako ntchito inazilala. Njanji inakhala yopanda katundu wokwanira, mpaka anaipitiriza kumpoto kukafika m'malire a Congo mu 1909 kuti ikapeze mkuwa wa ku Katanga. Kampani ya mgodi anaikonzanso mwatsopano mu 1910, ndipo kukonzanso kotere kumatanthauza kuti amene anagula masheya poyamba aluza kapena asonkhenso zina.

Inaupulumutsa mgodiwu ndi nkhondo. Zipolopolo zimafuna mtovu, choncho m'zaka za nkhondo yoyamba ya dziko lonse ng'anjo zosungunulira miyala zinayaka ku Broken Hill, utsi n'kuyamba kufuka. Timapiri tija anatigumula mpaka tinasanduka maenje. Pa 17 Juni 1921, akukumba m'phanga la m'kaphiri koyamba, mzungu wa ku Switzerland dzina lake Tom Zwiglaar anapeza chigaza cha munthu wakalekale. Anali ndi wantchito wachikuda amene dzina lake palibe analilemba. Kampani inapereka chigazacho ku British Museum ngati mphatso, ndipo mpaka lero chili ku Natural History Museum ku London, ngakhale boma la Zambia lakhala likuchipempha kuyambira m'ma 1970. Akatswiri amene anachipima anati mu 2020 chili ndi zaka pafupifupi 300,000.

Mu 1925 kampani ya Ernest Oppenheimer, Anglo American, inalowa m'nkhani ya Broken Hill. Chaka chomwecho damu la magetsi la Mulungushi linatsegulidwa, ndipo ndi magetsi amenewo fakitale yoyenga zinki inayamba ntchito mu 1928. Zinthu zitangoyamba kuongoka, msika wa masheya wa ku New York unagwa mu Okutobala 1929, mitengo ya zitsulo n'kugwa nawo. Antchito a m'migodi ya Northern Rhodesia, amene anali pafupifupi 30,000 mu 1930, anatsala osakwana 7,000 pofika kumapeto kwa 1932. Ena onsewo anauzidwa kuti azipita kwawo, ambiri wapansi, msonkho wa boma ukuwadikira kumudzi. Palibe filimu ya kugwa kwa Wall Street imene inajambulapo mzere wa anthu amenewa atasenza mitolo.

Anali ndani anthuwa? Godfrey Wilson wa ku Rhodes-Livingstone Institute anakhala pakati pawo ku Broken Hill kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo zimene anapeza zinatuluka m'buku mu 1941 ndi 1942. Munali Abemba, Alala, Alenje, Ansenga, Angoni, Achewa a ku Fort Jameson, ndi a ku Nyasaland, amene ambiri mwa ophunzira sukulu za mishoni ankakhala makalaliki ndi akapitawo. Boma ndi makampani ankanena kuti awa ndi alendo chabe, adzabwerera kumudzi, choncho malipiro ndi phoso zinkawerengedwa ngati za munthu wosakwatira. Wilson anasonyeza kuti ambiri anali atakhazikika m'tauni ndi akazi ndi ana, ena atasanduka machona. Kampani inkagawira ena mwa antchito ake minda ya maekala asanu kuti azilima chakudya, ndipo amayi ndi amene ankailima. Kunena mosabisa, khasu la mayi ndilo linkakwaniritsa malipiro amene kampani inaperewetsa, ndipo chotsalacho chinkakaoneka ngati phindu m'mabuku a ku London. Akuluakulu a mgodi sanakondwe ndi mzungu wokhala pansi n'kumacheza ndi antchito m'makomboni, ndipo anamuletsa kupitiriza kafukufuku wake.

Chodabwitsa n'chakuti amene anayamba kulimbana kwambiri ndi pepala la Rhodes lija anali mzungu wa ku Broken Hill komweko, woyendetsa sitima dzina lake Roy Welensky. Anasankhidwa kuimira tauniyi ku nyumba ya malamulo mu 1938, ndipo ankadandaula kuti ndalama za miyala zikuthera kwa eni masheya akunja. Sikuti ankalirira Alenje ayi. Ankafuna kuti ndalamazo zitsale m'manja mwa azungu okhala m'dzikomo, ndipo ndi yemweyu anadzatsogolera chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene makolo athu anachikana. Komabe phokoso lake linabala pangano la 1950: kampani izipereka 20 peresenti ya ndalamazo ku boma la Northern Rhodesia, koma ipitirize kudya mpaka 1986. Ufulu utayandikira, boma la Kenneth Kaunda linafukula mapepala akale n'kufalitsa chikalata chosonyeza kuti maziko a umwini wa kampaniyo ndi ogwedera. Anakangana mpaka tsiku lomaliza. Pa 23 Okutobala 1964, kutatsala maola ochepa kuti mbendera ya Britain itsike, pa phwando la ku Government House ku Lusaka, kampani inavomera kusiya miyala ya Zambia polandira mapaundi 4 miliyoni, theka kuchokera ku Britain, theka kuchokera ku Zambia. Dziko linayamba ufulu wake ndi kugula nthaka yake yomwe. Chaka chotsatira kampani ya Rhodes inaphatikizana ndi ena awiri n'kukhala Charter Consolidated, ndipo mwini masheya wamkulu mmenemo anali Anglo American.

Tauni inasintha dzina kukhala Kabwe mu 1966. Mu Epulo 1968, pa thanthwe la Mulungushi kufupi ndi tauniyi, Kaunda analengeza kuti boma litenga 51 peresenti m'makampani akuluakulu, ndipo mu Ogasiti 1969 ku Matero anati migodi nayo ilowa momwemo. Boma silinalande, linagula, n'kulonjeza kulipira ndi ndalama zakunja. Kampani ya Anglo ya ku Zambia inasamutsira likulu lake ku chilumba cha Bermuda mu 1970, ndipo mu 1974 inatenga dzina lakuti Minorco. Ndalama zochokera m'migodi ya Zambia zinakagula migodi ndi makampani m'maiko ena. Mu 1999 Minorco inaphatikizana ndi kholo lake n'kupanga Anglo American plc, masheya ake n'kukakhazikika pamsika wa London. Zonsezi zinachitika masana, maloya ali pomwepo, ndipo palibe anamangidwa chifukwa panalibe lamulo lophwanyidwa.

Chimene sichinasamuke ndi utsi. Mphepo ya ku Kabwe nthawi zambiri imachokera kum'mawa, ndipo komboni ya antchito ya Kasanda inamangidwa kumadzulo kwa ng'anjo, kumene utsi unkagwera. Fumbi la mtovu linkatera pa madenga, m'mabwalo osewerera ana, pa ndiwo za m'dimba ndi pa ufa woyanika. Ngalande yochokera kumgodi inkadutsa m'mbali mwa Chowa, ndipo mvula ikachuluka inkasefukira m'makomo. Dr Ian Lawrence, amene anali dokotala wa mgodi cha m'ma 1969 ndi 1970, anadzapereka umboni woti ataona ana a antchito akumwalira, anayeza magazi a ana pafupifupi 500 n'kupeza kuti pafupifupi onse anali ndi mtovu wopitirira muyezo. Mtovu sununkha, suwawa pakhungu. Mwana amangokwawa pabwalo n'kuika chala m'kamwa, ndipo chiphecho chimakakhala m'magazi, m'mafupa ndi mu ubongo. Ena amakomoka, ena amakula osagwira za m'kalasi, makolo n'kumati mwanayu ndi wogona.

Tisanamizane kuti boma litatenga mgodi zinthu zinakoma. Pansi pa kampani ya boma ya NCCM, kenako ya ZCCM kuyambira 1982, ng'anjo zinapitiriza kufuka zaka zina 20, makina akukalamba, ndalama zokonzera zikusowa. Pofika 1994 mgodi unali utatulutsa matani pafupifupi 1.8 miliyoni a zinki ndi 800,000 a mtovu, ndipo boma la Frederick Chiluba linautseka pakati pa chaka chimenecho. Miyezi yochepa m'mbuyo mwake, mu Febuluwale, msika wa masheya wa Lusaka unali utatsegulidwa, anthu akuuzidwa kuti tsopano Mzambia aliyense atha kukhala mwini kampani. Ku Kabwe anthu anali pa mzere wodikira ndalama zawo zopumira ntchito. Njanji nayo inali ikuchepetsa antchito, ndipo tauni imene inkanyadira timu ya mpira ya Kabwe Warriors ndi zigoli 107 za Godfrey Chitalu mu 1972 inayamba kutchedwa tauni yakufa.

Pamalo a mgodi panatsala matani oposa 6 miliyoni a zotsalira, kuphatikizapo mulu wakuda umene anthu amautcha Black Mountain. Pitani m'mawa wa chilimwe mukaone. Anyamata ali m'mauna okumba ndi piki ndi fosholo, opanda chotchinga pamphuno, akufunafuna zidutswa za mtovu zoti akagulitse pa sikelo. Amayi akhala pansi miyendo tambalale, akuswa miyala ndi hamala, mwana ali kumsana, nkhope zonse zili mbuu. Mu 2015 akatswiri a University of Zambia ndi a Hokkaido University ku Japan anafalitsa zimene anapeza m'magazi a ana a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Pa muyezo wa madokotala, 5 ndi pamene ankayambira kuda nkhawa, ndipo 45 ndi pamene mwana amafunika mankhwala otulutsa mtovu m'thupi. Ana onse amene anayezedwa anapitirira 5, ndipo wina anapezeka ndi woposa 400. Bungwe la Blacksmith Institute linali litaika kale Kabwe pa mndandanda wa malo khumi oipitsidwa kwambiri padziko lonse, ndipo mu 2016 World Bank inavomereza ngongole ya madola 65.6 miliyoni yoti Zambia ikonzere malo owonongeka ndi migodi, Kabwe ali momwemo. Ngongole, osati mphatso.

Mungaganize kuti mulu wa chiphe palibe angaufune, koma ku London unasandukanso pepala. Kampani yaing'ono ya Berkeley Mineral Resources, ya pamsika wa makampani ang'onoang'ono wa AIM, inapeza umwini wa zotsalira za ku Kabwe n'kumauza ogula masheya za mtovu ndi zinki amene akadali m'milumo. Zaka zinadutsa fakitale yolonjezedwayo osayamba. Kumapeto kwa 2014 malonda a masheya ake anaimitsidwa, ndipo akuluakulu atsopano atafufuza m'mabuku analengeza kuti apeza zosalongosoka, chuma cha mapaundi mamiliyoni n'kufufutidwa m'mabukumo. Kampani inasintha dzina kukhala BMR, inakokanakokana ndi boma la Zambia pa za laisensi, ndipo mu 2018 inachoka pamsika wa AIM. Ngati pali gawo la mbiri ya Kabwe loti opanga mafilimu angalikonde, ndi limeneli, pakuti lili ndi mabuku okayikitsa ndi ogula masheya olira. Ntchitoyo inagwera m'manja mwa Jubilee Metals, imene mu 2019 inagulanso fakitale ya Sable Zinc kwa Glencore. Bungwe la Human Rights Watch linanena mu 2025 kuti makampani osiyanasiyana akhala akutapa zotsalira kumgodi pa malole n'kukaunjika m'malo ena a m'tauni, kufupi ndi kumene anthu amakhala.

Mu Okutobala 2020, maloya a Mbuyisa Moleele a ku Johannesburg, mothandizana ndi a Leigh Day a ku London, anakasuma Anglo American South Africa ku khoti lalikulu la Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi a ku Kabwe okwana pafupifupi 140,000. Iwo akuti kuyambira 1925 mpaka 1974 Anglo ndiyo inkalangiza mgodiwo pa za umisiri ndi zachipatala, kuti inkadziwa kuopsa kwa mtovu, ndiponso kuti mtovu wambiri umene uli m'dothi lero unagwa m'zaka zimenezo. Anglo ikukana. Ikuti inali ndi masheya ochepa chabe m'kampani ya mgodiwo, kuti sinali mwini kapena woyendetsa, ndipo kuti udindo unapita kwa ZCCM imene inauyendetsa mpaka kuutseka. Taonani mmene kusanjikiza makampani kuja, kumene kunathandiza potolera ndalama mu 1904, kukuthandiziranso poyankha mlandu: phindu linkadziwa njira yokwerera kuchoka ku kampani ina kupita ku ina, koma udindo akuti unatsalira pansi.

Mu Disembala 2023 Jaji Leonie Windell anakana kuti anthuwo asume ngati gulu limodzi, ponena mwa zina kuti mlandu wotere ndi waukulu mosatheka kuuyendetsa. Mu Epulo 2024 analoledwa kuchita apilo, ndipo nkhani inapita ku khoti la apilo ku Bloemfontein. Kufikira pamenepo makhoti anali akukambabe zoti kodi anthu 140,000 angalowe pakhomo limodzi. Funso loti mtovu wa m'magazi a ana a ku Kasanda anausiya ndani linali lisanayambe kuzengedwa.